Chisamba, Sikelo ndi Mantha a Mimba Yoyamba

M'midzi ya Achewa, kuyambira ku Kasungu, Dowa ndi Dedza mpaka kutsidya kwa malire ku Katete ndi Chipata, mtsikana sankamaliza chinamwali pa tsiku limene anamumeta atatha msinkhu. Panali mwambo wina womudikira kutsogolo, ndipo nthawi yake inkakwana akatenga mimba yoyamba. Umenewu ndiye chisamba. Ayao ali ndi wawo wotchedwa litiwo. Ambiri lero akamva za miyambo imeneyi amangoganiza za ng'oma, nyimbo zolaula ndi zikhulupiriro zimene achipatala akhala akulimbana nazo. Koma muli chinthu china chimene tachinyalanyaza. Makolo anazindikira kuti mantha a mayi wa mimba yoyamba ndi ntchito yofuna mwini wake, nthawi yake ndi malo ake, ndipo anaika anthu oigwira. Zina zimene anthuwo ankaphunzitsa zinali zolakwika, zina zinali nkhanza ndithu, komabe udindowo unalipo ndipo aliyense pamudzi ankadziwa amene wausenza. Pa zaka 50 zapitazi tasamutsa uchembere kuchoka m'nyumba ya udzu kupita nawo kuchipatala, ndipo tapulumutsa amayi ambirimbiri. Posamukapo, udindo wokonza mtima wa wodwalayo unatsala panjira.

Chisamba chinali m'manja mwa namkungwi, mayi wamkulu amene pa nkhani za akazi anali dzanja lamanja la mfumu. Iye ndi achembere anzake ankasonkhana mimba itaonekera, ndipo m'nyumba yolangiziramo munkalowa okhawo amene anaberekapo. Wansembe wa Chikatolika J.W.M. van Breugel, amene anafufuza za chipembedzo cha Achewa m'zaka za m'ma 1970, analongosola mwambowu pamodzi ndi malamulo a mdulo m'buku lake la Chewa Traditional Religion, lomwe linatuluka mu 2001. Mtsikanayo ankauzidwa mmene matenda amayambira, zimene achite msana ukayamba kuwawa kapena nsupa ikasweka, munthu woyamba kumuuza, kakhalidwe ka pamphasa ndi nthawi yokankha. Ankauzidwanso kuti mwana akabadwa ntchito sinathe, patsala nsengwa, ndiponso kuti adzakhala m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa. Zambiri mwa izi sizinkangonenedwa pakamwa. Achembere ankaziseweretsa, kuziimba ndi kuzivina, mwakuti mtsikana ankaona ndi maso ake chithunzi cha tsiku limene ankaliopalo. Mwamuna naye ankaitanidwa kudzamva mbali yake: kudziletsa, kusayenda ndi akazi ena, kuona kuti nkhuni, ufa ndi nsalu zilipo. Mimba yoyamba inali mlandu wa banja lonse, osati wa mkazi yekha.

Chimene chinkapatsa malangizowa mphamvu ndi kakhalidwe ka mudzi wenweniwo. Pa chikamwini, mkazi ankakhala kwawo, pakati pa amayi ake, agogo ake ndi azichemwali ake, ndipo ngakhale wokhala ku chitengwa kawirikawiri ankabwerera kwa amayi ake kukachira mwana woyamba. Choncho nkhope zimene anaziona pa chisamba ndi zomwezo zimene ankaziona usiku wa matenda. Iye ankakhala pamphasa atatsamira mayi wina amene ankamugwira m'khwapa kuchokera kumbuyo. Mzamba ankakhala kutsogolo kwake. Wina ankasonkhezera moto ndi kutenthetsa madzi, wina ankamusisita msana ndi kumumwetsa phala, ndipo mwana akalira nthungululu inkadziwitsa amuna amene anali kutali ndi nyumbayo. Palibe aliyense mwa amayiwa amene akanatha kuletsa magazi akayamba kutayika kwambiri kapena kutulutsa mwana wopingasa. Koma zinthu ziwiri zimene zimakulitsa mantha a munthu, kusadziwa chimene chikubwera ndi kukhala wekha pakati pa alendo, anazichotsa.

Pa mfundo imeneyi pali bodza lakale lofunika kulikana. Dokotala wa ku England, Grantly Dick-Read, analemba buku la Natural Childbirth mu 1933, ndipo pambuyo pake anatchuka kwambiri ndi lina la Childbirth Without Fear. Iye anaphunzitsa kuti mantha amaumitsa thupi, thupi louma limawonjezera ululu, ululuwo n'kubalanso mantha ena, ndipo mbali imeneyi inathandiza amayi ambiri ku Ulaya. Koma ankakhulupiriranso kuti akazi a mitundu imene azungu ankaitcha yosatukuka amabereka mosavuta, opanda mantha ndi ululu wochuluka. Chisamba chenichenicho chimatsutsa maganizo amenewa. Mudzi sungasonkhanitse achembere, kuphika ndi kuimba usiku wonse chifukwa cha chinthu chopepuka. Agogo athu ankaopa, ndipo anali ndi chifukwa choopera, popeza pafupifupi aliyense ankadziwa dzina la mnzake amene analowa m'nyumba yochirira osatulukamo wamoyo. Kukhala chete kumene alendo ankakuona pa nkhope ya mkazi wobereka kunali kophunzitsidwa, sikunali kusamva kuwawa.

Apa ndi pamene otsutsa chisamba ali ndi mawu amphamvu, ndipo sindikufuna kuwapeputsa. Mwambowu unkachiza mantha ena powonjezera ena. Mtsikana ankauzidwa kuti akalira kapena kukuwa adzapha mwana ndi kuchititsa manyazi mtundu wake. Ankauzidwa kuti akaima pakhomo mwana adzaimanso potuluka, akadya mazira mwana adzabadwa wopanda tsitsi, motero ankamanidwa chakudya chimene thupi lake linkachifuna. Choipitsitsa chinali chikhulupiriro chakuti matenda akatalika ndiye kuti mkaziyo kapena mwamuna wake anayenda kunja kwa banja. Mtsikana amene chiuno chake chinali chisanakhwime, mwana atakanirira, ankakakamizidwa kutchula maina a amuna m'malo mothamangira naye kumene akanathandizidwa, ndipo maola otayika motero ndiwo amabala imfa ndi fisitula. Mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda, monga mwanamphepo, achipatala amawadziwa bwino chifukwa cha ziberekero zong'ambika zimene amazilandira. Munthu wolakalaka kuti tibwerere ku zonsezi sanaonepo mtsikana wa zaka 16 akudontha mkodzo usana ndi usiku. Koma taonani chimene chitsutso chimenechi chikutsimikiza. Chikutsimikiza kuti mawu a achembere anali ndi mphamvu yaikulu pa mtima ndi pa thupi la wobereka, yotha kumanga ndi kumasula. Sichikutsimikiza kuti mphamvu yotereyi ndi yosafunika. Cholakwika chinali m'zophunzitsidwazo, osati m'kukhalapo kwa mphunzitsi.

Amishoni anafika pa mfundo yomweyi mochedwa ndiponso monyinyirika. Mishoni ya Dutch Reformed Church, imene inayamba ku Mvera mu 1889 ndi kutsegula Nkhoma mu 1896, poyamba inaletsa chinamwali kwa Akhristu ake. Patapita zaka anaona kuti kuletsa kokha sikukuthandiza, chifukwa amayi achikhristu ankaona kuti ana awo akukula osalangizidwa, ndipo ena ankawatumiza kwa namkungwi mobisa. Mpingo unakhazikitsa chilangizo chake, chokhala ndi alangizi osankhidwa pakati pa amayi a mumpingo, ndipo mimba yoyamba inali imodzi mwa nthawi zolangizira. Isabel Apawo Phiri anafotokoza mbiri imeneyi m'buku lake la Women, Presbyterianism and Patriarchy la mu 1997. Ng'oma zinachotsedwa, nyimbo zinasinthidwa, zina zinkanenedwa mozungulira chifukwa cha manyazi a kutchalitchi, koma mpando wa mlangizi unasungidwa. Mpingo umene unabwera kudzagwetsa mwambowu unapezeka ukuumanganso m'njira yake, ndipo umenewu ndi umboni wakuti chosowacho chinali chenicheni.

Boma linayenda njira yosiyana. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 unduna wa zaumoyo unayamba kuphunzitsa azamba a kumudzi ukhondo ndi zizindikiro zoopsa, ndi kuwapatsa zipangizo zochepa. Imfa za amayi sizinatsike monga ankayembekezera. Kafukufuku wa dziko lonse wa za umoyo wa mu 2000 anapeza kuti amayi 1,120 ankamwalira pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, ndipo wa mu 2004 anapeza 984. Mu 2007 boma linaletsa azamba a kumudzi kubereketsa. Mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena kuti chiletsocho chichotsedwe, zimene zinasokoneza ambiri, koma mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anakhazikitsa ntchito ya uchembere wabwino yodalira mafumu, ndipo m'madera ambiri kuchirira pakhomo kunayamba kulipitsidwa chindapusa cha mbuzi kapena ndalama. Zotsatira zake ndi zoonekeratu. Mu 1992 ana 55 pa 100 aliwonse ndiwo ankabadwira kuchipatala. Pofika pa kafukufuku wa mu 2015 mpaka 2016 anali 91, ndipo imfa za amayi zinatsika kuchoka pa 675 mu 2010 kufika pa 439. Ndi anthu ochepa okha amene angakane kuti uku kunali kupambana, ndipo ine sindili m'gulu lawo. Funso langa ndi lakuti, pamene mzamba wa kumudzi anachotsedwa pamphasa, ntchito yake ina ija, yokhala pambali pa wamantha, anailandira ndani?

Sikelo sinailandire, ndipo sinamangidwire zimenezo. Mtsikana amafika m'mamawa ndi kabuku kake ka kuchipatala, amakhala pabenchi ndi amayi ena ambiri, amaimba nawo nyimbo ndi kumva phunziro la onse pamodzi. Kenaka amamuyeza thupi, magazi ndi mimba, amamupatsa mankhwala oteteza malungo, owonjezera magazi ndi neti. Amamuuza zoti akonzeretu: zitenje, beseni, lezala latsopano, ulusi womangira mchombo, pepala la pulasitiki loyala pabedi ndi ndalama ya ulendo. Zonsezi ndi zofunika, ndipo mzamba mmodzi amene ali ndi mzere wofika panja sangachite zoposa pamenepo. Koma pa mndandanda wonsewo palibe mphindi imene wina amamufunsa kuti, kodi chikukusowetsa tulo n'chiyani? Mafunso amene akumudya mumtima, ngati adzang'ambika, ngati ululuwo adzaupirira, ngati opaleshoni ndiye imfa, ngati adzamukalipira akalira, sangawafunse pagulu la amayi a ana anayi. Amakawafunsa kwa anzake pachitsime kapena ku chidikiro, kumene nkhani zoyenda kwambiri ndi za amene zinawavuta. Ndipo tsiku likafika, mayi kapena azakhali amene anamuperekeza, amene kale akanamugwira m'khwapa, tsopano ndi gadiyani. Ntchito yake ndi kuphika phala kukhitchini ya magadiyani, kuchapa zitenje ndi kudikira panja kuti amuitane. Mtsikanayo amalowa mu leba yekha.

Ena anganene kuti nkhani ya mantha ndi ya mayiko olemera, kuti dziko limene nthawi zina limasowa magazi, mafuta a ambulansi ndi magetsi m'chipinda cha opaleshoni liyambe lathana ndi zakupha, za mumtima zidzabwera pambuyo. Maganizo amenewa amaoneka anzeru, koma amasiyanitsa zinthu zimene m'thupi la mayi sizisiyana. Mantha aakulu amatulutsa m'thupi timadzi totchedwa adrenaline, timene timatha kusokoneza kukoka kwa chiberekero ndi kutalikitsa matenda. Mantha ndiwo amachititsa mtsikana kubisa mimba mpaka miyezi 6, kuchedwa pakhomo matenda atayamba, kapena kumwa zitsamba kuti akafike kuchipatala zitatsala pang'ono. Mu 2017 akatswiri a bungwe la Cochrane anaphatikiza kafukufuku 26 wochokera m'mayiko 17, wokhudza amayi oposa 15,000, ndipo anapeza kuti amayi amene anali ndi munthu wokhala nawo nthawi yonse ya matenda ankachira msanga, ankafuna mankhwala opha ululu ochepa, ndipo ochitidwa opaleshoni anali ochepa. N'chifukwa chake mu 2018 bungwe la WHO linalangiza kuti mayi aliyense aziloledwa kukhala ndi munthu wa kumtima kwake pobereka. Kuno kwathu, Robert Stewart ndi anzake atafufuza amayi a pasikelo ku chipatala cha Mangochi anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa amayi 10 aliwonse anali ndi matenda aakulu a maganizo, amene anthu amangowatcha kuganiza kwambiri. Tikumbukirenso kuti wa mimba yoyamba m'Malawi ndi ndani. Theka la amayi amabereka mwana woyamba asanapitirire zaka 19, ndipo kafukufuku wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atayamba kale uchembere. Ambiri mwa amene tikuwanenawa ndi ana, ena okanidwa ndi owapatsa mimbayo, ena ochotsedwa sukulu, ena okalipiridwa pakhomo kuyambira tsiku limene zinadziwika. Kunena kuti mantha awo adikire ndi kusawadziwa.

Palinso onena kuti palibe chatayika, popeza alangizi a kumpingo, azakhali ndi anamkungwi akadalipo ndipo akulangizabe. Ndi zoona kuti alipo, makamaka kumidzi. Vuto ndi lakuti chingwe chimene chinkalumikiza malangizo ndi tsiku lochira chinaduka. Wolangiza lero sadziwa za m'chipinda chimene mtsikanayo akaberekeremo, mwina iye mwini anaberekera pamphasa. Amamuuza za kukhala tsonga, pamene kuchipatala akamugoneka chagada. Samufotokozera chifukwa chimene azamba amayezera njira pafupipafupi, tanthauzo la diripi, kapena kuti opaleshoni si chilango cha ulesi. Motero mtsikana amakhala ndi aphunzitsi awiri osalankhulana: wina amadziwa mtima wake koma sadziwa chipatala, wina amadziwa chipatala koma sadziwa ngakhale dzina la mudzi wake. M'tauni ndiye zafika pena. Mtsikana wa ku Ndirande kapena ku Kauma amene amayi ake ali kumudzi akhoza kufika mwezi wachisanu ndi chinayi mlangizi wake wamkulu ali foni ya m'manja, ndipo phwando la mphatso za mwana, ngakhale ndi losangalatsa, limakonza zovala za khanda kuposa mtima wa amake.

Kulumikiza awiriwa si loto, chifukwa kwachitikapo kale. Ku Ntcheu, Mfumu Kwataine anakhazikitsa amayi achinsinsi, achembere odalirika amene mayi amawauza za mimba yake ikadali yaing'ono, ndipo iwo amamulondola kuti ayambe sikelo msanga ndi kukachirira kuchipatala. Mayi wachinsinsiyu ndi namkungwi yemwe uja, wapatsidwa uthenga watsopano. Nzeru imeneyi inagwira ntchito chifukwa sinanyoze mwambo wakuti mimba yaing'ono sauza aliyense, koma inapezera chinsinsicho pofikira pabwino. Chotsala ndi kuwonjezera ntchito yawo kuti isathere pa kulondola ndi kulemba maina. Berlington Munkhondya ndi anzake anayesa kuphunzitsa amayi a mimba yoyamba pamodzi ndi owaperekeza awo m'zipatala za m'Malawi, ndipo zotsatira zimene anasindikiza mu 2020 zinaonetsa kuti mantha anachepa ndipo kudzidalira kunakula. Phindu la njira imeneyi ndi lakuti phunziro limalowa mwa anthu awiri nthawi imodzi. Agogo amene amva kuchokera kwa mzamba kuti matenda amatalika chifukwa cha chiuno kapena kagonedwe ka mwana sakafunsanso mdzukulu wawo maina a amuna.

Chovuta chenicheni ndi malo, ndipo ichi sichingathe ndi mawu okoma. Zipinda zathu zambiri zoberekera zili ndi mabedi angapo m'chipinda chimodzi, ndipo mayi amene wavula ali ndi ufulu wosaonedwa ndi achibale a mnzake, makamaka amuna. Azamba enanso amaopa kuti operekeza azilowetsa zitsamba kapena kuwasokoneza pa ntchito. Nkhawa zimenezi ndi zomveka. Koma poyerekeza ndi mtengo wa chipinda cha opaleshoni, nsalu zotchingira pakati pa mabedi ndi mpando umodzi pambali pa bedi ndi zinthu zotsika mtengo kwambiri. Woperekeza wamkazi, wosankhidwa ndi mayi mwini wake ndiponso wophunzitsidwa kusikelo, sachulukitsa ntchito ya mzamba. Ndiye amene amasisita msana, kumwetsa madzi, ndi kuthamanga kukaitana akaona magazi pamene mzamba mmodzi yekhayo ali pa bedi lina. Kumene kuli maso a wachibale, mawu okalipa ndi mbama zimene amayi ena amadandaula nazo zimachepanso. Ndipo nyumba za chidikiro, kumene amayi amakhala masabata akungoyembekezera pamodzi ndi magadiyani awo, ndi kalasi yomangidwa kale imene ikungosowa mphunzitsi.

Choncho pempho likupita kwa amene ali ndi mphamvu yosintha zimenezi. A unduna wa zaumoyo ndi oyang'anira zipatala m'maboma aike tsiku lapadera la sikelo ya amayi a mimba yoyamba okhaokha, m'magulu ang'onoang'ono, aliyense ndi womuperekeza wake, ndipo awaonetse chipinda choberekera tsiku lisanafike. Mafumu amene anakwanitsa kulipitsa mbuzi kwa ochirira pakhomo aletsenso poyera kufunsa wodwala maina a amuna ndi kumuopseza kuti kulira kumapha mwana. Anamkungwi ndi alangizi a m'mipingo apemphe mzamba wa pachipatala chapafupi kuti adzakhale nawo pamene akulangiza. Ndipo inu amayi, azakhali ndi apongozi amene muli ndi mtsikana wa mimba yoyamba pakhomo, musadikire mwezi womaliza: khalani naye pansi sabata ino, mumufunse chimene akuopa, ndipo ulendo wotsatira wa kusikelo mupite naye.